Nyumba Imene Abambo Ankaphikamo

Kalata ija inali ya inki yofiirira, yonunkha sipiriti. Aphunzitsi anatigawira m'nyengo ya chiperoni, ndili Sitandade 5, kuti makolo asayine. Tinkakonza ulendo wokaona nyumba yakale ya pamtunda, imene anamanga mzungu woyamba kudzala tiyi pa esiteti yathu. Ife ana a ku malayini, kunyumba za antchito, tinkangoona denga lake lofiira, chifukwa mlonda ankatibweza pachipata.

Ndinaimika dzanja n'kunena kuti malemu abambo anga anali khukhi m'nyumbamo, ndipo amayi ankaidziwa chipinda ndi chipinda. Aphunzitsi anakondwa. Anati amayi adzatitsogolere, ine ndibweretse mapu a nyumbayo ulendo usanafike. Ndinavomera pamaso pa kalasi yonse. Lero ndikuona kuti ndinalonjeza chinthu chosakhala changa.

Amayi anawerenga kalatayo dengu la tiyi likadali kumsana, pulasitiki ya m'chiuno ikudontha madzi. Anayankha m'Chilomwe, chimene ankalankhula akafuna kuti nkhani ithe: sapita.

Sindinagonje. Masabata awiri ndinatunga madzi osatumidwa, ndinatola nkhuni zonyowa mpaka zala kuuma. Kusukulu anzanga ankandifunsa ngati abambo analidi khukhi kapena ankangosambitsa agalu a bwana. Loweruka ndinayenda pansi mpaka ku Likhubula kukadandaula kwa amalume, amene ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Anandimvetsera akumanga chikwama, kenako anandifunsa njira imene amayi amadzera popita kuntchito. Ndinati amazungulira kumtsinje. "Nanga yachidule si yodutsa panyumba yakale ija?" anatero. Ine ndinangoona ngati akuzemba pempho langa.

Kutatsala masiku awiri, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba yathu. Anasesa pansi ndi dzanja n'kutola kamtengo. Anajambula khonde lalitali, chipinda chodyera, zitseko za mkungudza zimene anati zimanunkhira mvula ikagwa. Anandiuza za thabwa limene limalira ukaliponda, ndi belu limene bwana ankaitanitsira tiyi. Ndinkakopera msangamsanga m'kope, mawondo ali m'dothi lozizira. Atafika chakumbuyo, kamtengo kanaima.

"Nanga khitchini, amayi?"

"Kumeneko ukaone wekha."

Anasayina kalata, anasita yunifolomu yanga ndi simbi ya makala. Tsiku la ulendo anasenza dengu lawo n'kulowera kumtsinje monga mwa masiku onse.

Tinapita. Thabwa lija linaliradi, ndipo anzanga anasiya kundiseka. Khitchini inali chipinda wamba: chitofu chakuda cha nkhuni, zenera limodzi, msomali pakhoma wokolekapo epuloni. Ndinaiyeza ndi mapazi, n'kuijambula mosamala pamalo aja amayi anasiya.

Pano papita miyezi isanu chiikireni mkazi wanga m'manda, ndipo pali msewu wina m'tawuni muno umene sindidutsamo. Za zimenezo sindinena zambiri.

Tsiku la ulendo lija ndinathamanga ndi kope langa mpaka kunyumba, ndili ndi chimwemwe choti ndiwakumbutsa amayi zimene anaiwala. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Anati ndajambula bwino, maso ali pampeni. Ndinawayandikizira pepalalo, n'kuwalozera msomali uja. Anandituma kukatunga madzi, mtsuko uli wodzaza.

Ndinapita ndikuguguda mapazi ndi mkwiyo. Pamsinkhu umenewo ndinkakhulupirira kuti munthu akasiya malo opanda kanthu pamapu, ndiye kuti malowo sakuwadziwa.