Buku la a Gilibati Lili Kumanda

A Gilibati anakalambira pa njinga, kutenga tomato ku Mitundu kukagulitsa pa Nathenje. Kuwerenga sankadziwa, ndipo sankabisa. Matenda a shuga atawagwira, zonse anazisiya m'manja mwa anthu awiri. Akazi awo, a Edith, ankasunga buku lawo la kuchipatala m'jumbo limodzi ndi la iwo eni. Nesi Lydia wa pa kachipatala ka kwawoko ankangowayang'ana m'maso n'kudziwa kuti abanso nzimbe.

Zaka zisanu ndi zinayi zinayenda choncho: ulendo umodzi pamwezi, wapansi, mapiritsi omwewo, m'mawa mwake ali pa njinga.

Kenaka Lydia anamusamutsira kutali. Mvula isanagwe, a Edith anamwalira. Amayi osambitsa maliro anaika m'bokosi tinthu ta malemu: mpango, kapu, ndi jumbo lija osalimasula. A Gilibati anazindikira patatha sabata, koma manda safukulidwa chifukwa cha buku.

Anagula latsopano, loyera mbee. Pachipatala nkhope zinkangosinthana, aliyense kuyambira pachiyambi. Wina anawapatsa mankhwala a malungo. Wina anawonjezera mapiritsi mpaka bamboyo anakomoka m'munda. Wachitatu anawatumiza kutauni kukayezetsa magazi amene anayezedwa kalekale. Maulendowo anadya mbuzi, kenaka njinga imene. Kuphazi kunatseguka chilonda chokana kupola, chija Lydia ankachitchinga powavula nsapato mwezi ndi mwezi.

Zimawawa kuona munthu wamphamvu zake akutha chotere, mankhwala alipo, kungosowa womudziwa.

Mwezi wathawu anapeza dokotala winanso, waulemu wake. Dokotalayo anayang'ana phazilo, nafunsa:

"Agogo, kale munkamwa mapiritsi ati amene ankakuyanjani?"

"Toyera, tating'ono. Dzina akudziwa ndi mayi a kunyumba. Buku lakale ali nalo ndi iwo."

Zoti anamwalira, pakamwa panakana kunena.

"Chabwino," anatero dokotalayo. "Lachinayi mubwere nawo, tisanaganize zodula phazili."

A Gilibati anavomera ndi mutu, natenga ndodo yawo. Njira ya kwawo imadutsa m'mbali mwa manda. Tsikulo anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anapitirira.