Mchenga wa m'Kandowa Kobwereka

Chingwe chamagetsi chija chinali chofiirira ngati papaya lakupsa, chachitali moti chikanazungulira nyumba yathu yonse. Abambo anachigula nditawaumiriza mpaka makutu kuwawa kuti chilimwe chimenecho nafenso tipite kukampu ya tchuthi, kokagona m'tenti. Anachikulunga bwinobwino n'kuchipachika kuseri kwa chitseko, m'kanyumba kathu ka pamwamba ku Etobicoke, m'dziko la eni kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo m'mawa uliwonse popita kusukulu ndinkachikhudza kuti nditsimikize kuti lonjezo lidakalipo. Chinkanunkha labala watsopano. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Chimene chinkandidya chinali chaching'ono, koma kwa mwana chinali chachikulu. Sukulu ikatsegulira, aphunzitsi ankafunsa aliyense zimene wachita patchuthi, ndipo mwana aliyense anali ndi nyanja yake, bwato lake, udzudzu wake womwe. Ine ndinali ndi tchalitchi komanso chipinda chochapira zovala cha pansi pa nyumba yathu. Amayi sankamva za kampu. Ankati kwathu tenti imaimikidwa pakagwa zovuta, munthu wabwinobwino sasiya bedi kukagona kunja. Abambo anawagonjetsa posankha malo okhala ndi magetsi ndi mpopi wamadzi, m'mbali mwa nyanja ina kumpoto, kuti amayi asasowe tiyi wawo wam'mawa.

Kutatsala masiku ochepa kuti tinyamuke, uthenga unafika woti agogo, amayi awo a abambo, atisiya ku Dedza. Ine ndinkawadziwa ngati mawu a pafoni amene ndinkawathawa, chifukwa ankaseka Chichewa changa. Abambo ndiwo anali mwana woyamba, ndipo mutu waukulu sulewa nkhonya: mudzi wonse unkayang'ana iwo. Koma mapepala athu anali adakali m'manja mwa boma. Akanatuluka m'dzikomo sakanabwerera msanga, ndipo ntchito yawo ya kumalo osungira katundu, pafupi ndi bwalo la ndege, ikanathera pomwepo. Tsiku limenelo anaima pawindo nthawi yaitali, ndege zikudutsa pamwamba pa denga lathu monga zinkachitira masiku onse.

Anthu akwathu anayamba kufika, poti maliro n'kulirana. Nsapato zinadzaza m'khonde mpaka pakhomo la aneba, ndipo nyimbo yachiwiri isanathe woyang'anira nyumbayo anagogoda n'kunena mwaulemu kuti chigulu chotere sichiloledwa. Amalume, achimwene awo a amayi, amene anali atachokera ku tauni ina yapafupi ya Oshawa, ndiwo anapeza nzeru.

"Alamu, malo aja munabukitsa kale," anatero. "Moto uliko, tenti iliko. Maliro tikakhalira komweko."

M'mawu onsewo ine ndinamvamo chimodzi chokha, chakuti ulendo ulipobe. Ndinalowa m'bafa, ndinatseka chitseko, ndinavina pang'ono.

Malowo anali okongola kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo zimenezi zinangoipitsa zinthu. Nyanja inali bata, mapiri odzaza mitengo ya paini ataizungulira, mpweya ukununkha utomoni ndi masoseji owotcha. Mbali zonse kunali makalavani akuluakulu, nyumba zoyenda zokhala ndi makatani ndi njinga pakhomo, iliyonse itayamwa magetsi ndi madzi pakachipilala kake. Pakati pa zimphona zimenezo panaima katenti kathu. Amalume anatenganso malo oyandikana nafe, ndipo pofika madzulo magalimoto a anthu akwathu anali atandandalika m'mbali mwa msewu wa fumbi.

Chingwe chija chinagwira ntchito imene sichinaguliridwe. Chinanyamula ketulo, mbaula yamagetsi yophikira nyemba, ndi mafoni ambirimbiri ounjikana pa tebulo lamatabwa. Azibambo anakhala pamipando mbali ina, atavala majekete kunja kukutentha. Azimayi anakhala pansi mbali inayo, miyendo atatambasula, mipango kumutu, zitenje m'chiuno. Panalibe wovala kabudula ngakhale mmodzi. Anayamba nyimbo chapansipansi, ndipo woyang'anira kampu atadutsa pakangolo kake, amalume anavula chipewa n'kumufotokozera. Munthuyo anagwedeza mutu, anapempha kuti phokoso lisakwere, n'kupitirira. Palibe anatinyoza. Ndimanena zimenezi chifukwa kwa zaka zambiri ndinkafuna kukumbukira kuti wina anatinyoza, kuti manyazi anga akhale ndi mwini.

M'kalavani yoyandikana nafe munali mtsikana wamsinkhu wanga, watsitsi lofiira, wosowa dzino limodzi kutsogolo. Anandiitana kukasewera asanandifunse n'komwe dzina, ndipo anandibwereka kandowa kake kobiriwira ndi kafosholo. Ndi iyeyo ndinalawa kampu imene ndinkailota. Tinathamangitsa achule, tinadya switi zofewa zowotcha pamoto mpaka zala kumatana. Funso lake linali limodzi: amayi ako akhaliranji pansi, mipando ilipo? Ndinamuyankha kuti ndi za kutchalitchi, ndipo ndinayamba kumazungulira njira yaitali, ya kuseri kwa zimbudzi, kuti tisamadutse pamalo pathu.

Vuto limene palibe analiganizira linali netiweki. Mapiri aja ankaitchinga. Amalume anayendayenda kampu yonse foni ataikweza m'mwamba, ndipo malo okhawo amene inkagwira anali kumapeto kwa mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja, pomwe ana ankadumphira m'madzi. Mwambo woika m'manda unali masana ku Dedza, kutanthauza m'mawa kwa ife, nthawi imene kampu yonse imatsikira kumchenga.

M'mawa umenewo amayi anali otangwanika, ndipo ndinazemba nditavala chovala chosambira. Ine ndi mnzanga uja tinali kumanga nyumba yamchenga pamene ndinamva nyimbo ikutsika m'kanjira ka m'mitengo. Ndinaidziwa ndisanatembenuke. Abambo anali patsogolo, atavala suti yakuda ndi nsapato zopolisha, akuponda mchenga mosamala. Pambuyo pawo azibambo, kenako azimayi, opanda nsapato, akuimba. Anthu ogona pamatawulo anadzuka n'kukhala tsonga. Wina anazimitsa wailesi. Ana amene anali pamlathowo anathawira m'madzi mmodzimmodzi, ndipo mzere wonse unadutsa pakati pa anthu odzola mafuta oteteza dzuwa mpaka kukafika kumapeto kwa matabwa.

Ndinaweramitsa mutu n'kumakumba. Makutu ankanditentha. Madzi amanyamula mawu kutali, choncho zonse zinkamveka: mawu a abusa akudukaduka pafoni, kulira kwa azimayi a ku Dedza, kenako kulira kwa amayi anga akuwayankha. Ndinali ndisanawamvepo akulira chonchi. Amayi amene ankandigwira pakamwa ndikakweza mawu m'basi anali atagwada pamatabwa onyowa akuitana apongozi awo pamaso pa dziko lonse. Mnzanga uja anasiya kukumba, kukamwa kuli yasa. Ndinalakalaka dzenje limene ndinkakumbalo litakula n'kundimeza.

Kenako kunamveka mawu a abambo aang'ono, mng'ono wawo wa abambo, ochokera kumanda komweko.

"Achimwene, bokosi latsika. Abusa akuti dothi loyamba ndi la mwana woyamba. Tikudikira inu."

Lero ndikudziwa kuti ankangofuna mawu, kuti abambo awalole kuponya m'malo mwawo. Abambo nawonso ayenera kuti ankadziwa. Koma ndinawaona akuyang'ana pansi, pomwe panali matabwa, n'kuyang'ana m'mbali, momwe munali madzi okhaokha, dzanja lamanja lili lotambasula. Kenako maso awo anafika kumchenga n'kundipeza. Anandiitana ndi dzina langa la kumudzi, limene linali la agogo omwewo, dzina limene kusukulu palibe ankalidziwa.

"Bwera nako kandowako."

Mnzanga anandiyang'ana. Anthu a pamatawulo anandiyang'ana. Panalibenso njira ya kuseri kwa zimbudzi. Ndinanyamula kandowa ka eni ake, kodzaza mchenga wonyowa, ndipo ndinayamba kuyenda pamlathowo, madzi akudontha m'miyendo, mawondo ali mbuu. Azimayi anandipatukira. Ndipo ndili pakati pawo manyazi ena anandigwera pamwamba pa oyamba aja, chifukwa ndinazindikira kuti ndafika pamaliro a agogo anga ndili pafupifupi maliseche. Amayi, osasiya kulira, osandiyang'ana n'komwe, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundiponyera paphewa. Kwa anthu a kumchenga ndinali mwana wa anthu achilendo aja. Kwa anthu akwathu ndinali mwana wosaleredwa. Ndinafika pamene panali abambo n'kuwapatsira kandowako.

Abambo anatapa mchenga dzanja lodzaza. Anauyang'ana kanthawi, ngati akukayika kuti ukwanira.

"Pitani bwino, amayi," anatero. "Mundikhululukire."

Anatsegula dzanja. Mchengawo unagwera m'nyanja, ndipo tinsomba tinathamangira pomwepo poyesa ndi chakudya. Kenako anauza mng'ono wawo kuti aponye, ndipo tonse tinamva dothi la ku Dedza likugunda bokosi, phokoso louma, lalifupi. Pasanapite nthawi netiweki inaduka. Abambo anaigwirabe foniyo patsogolo pawo ngakhale inali itada, mpaka amalume anawalanda mwakachetechete.

Kandowa kaja ndinakatsuka pampopi n'kukasiya pakhomo la kalavani ya kwa mnzanga uja eni ake kulibe. Amayi a mtsikanayo anabwera madzulo ndi mbale ya makeke, anagwira amayi anga dzanja, ananena mawu achisoni. Mtsikanayo anaima kumbuyo kwawo akusuzumira mu tenti yathu. Ine ndinali m'katimo nditatseka maso ngati ndagona, ndipo sindinasewerenso naye. Sanandilakwire chilichonse. Anangoona, ndipo pamsinkhu umenewo ndinkaona ngati kuonedwa ndi mlandu waukulu kuposa yonse.

Tsiku lotsatira amalume anawameta abambo mpala pa tebulo lamatabwa lija, monga mwa mwambo wa kwathu maliro akatha. Ana oyenda panjinga ankachepetsa liwiro podutsa. Amayi anatola tsitsi lonse n'kulikulunga m'pepala kuti lisauluke kupita pamalo a anthu ena. Kenako anthu anatsanzikana, magalimoto ananyamuka kubwerera kuntchito za usiku ndi za masana, ndipo tinatsala atatu, monga momwe ndinkafunira poyamba paja. Malowo anaoneka aakulu ndi opanda kanthu.

Masana ake abambo anavala kapusi n'kunena kuti anandilonjeza phiri, ndipo lonjezo ndi lonjezo. Tinakwera awiri m'kanjira ka pakati pa mapaini, masamba ouma akuterera pansi pa nsapato. Masiku ena akanaliseka phirilo, akanati ku Dedza chotere timachitcha chulu. Tsiku limenelo anangokwera basi. Tikakumana ndi anthu otsika, ena a iwo amene anali pamchenga paja, ankatipatsa moni wofewa wachifundo, ndipo abambo ankayankha maso ali pansi, kapusi itaphimba nkhope.

Ndinaziona zimenezo, ndipo mtima wanga unakhala pansi koyamba chifikireni. Ndinaganiza kuti ndawagwira: nawonso akuchita manyazi ngati ine, chifukwa cha suti pamchenga, chifukwa cholira pamaso pa anthu osawadziwa. Ndinadzimva wamkulu, woti ndikhoza kuwatonthoza. Titafika pamwamba, nyanja yonse ikuoneka pansi pathu, mlatho uja utachepa ngati kamtengo ka machesi, ndinawagwira dzanja. Ndinawauza m'Chingerezi, chifukwa ndi mmene ndinkayankhulira ndikafuna kuoneka wanzeru, kuti asadandaule, kuno palibe akutidziwa, anthuwa mawa apita kwawo ndipo aiwala zonse.

Anayang'ana madziwo. Kenako anandifinya dzanja pang'ono.

"Awa aiwala, mwana wanga," anatero. "Kumudzi sadzaiwala."

Ine ndinaganiza kuti akunena za chovala changa chosambira, kuti foni ija inandionetsa kwa anthu a kumanda, ndipo ndinatsika phiri lonse nkhope ikutentha. Sindikanamvetsa kuti manyazi anga ndi awo anali atafulatirana. Anga ankayang'ana anthu a pamatawulo, amene abambo mwina sanawaone n'komwe. Awo ankayang'ana ku Dedza. Mapepala anadzatuluka, abambo anapita kwawo, anamanga chiliza, anafolera nyumba ya mng'ono wawo ndi malata, analipirira sukulu ana a abale mpaka tsitsi lawo kuchita imvi. Koma mpaka lero kumudzi kuja, mlendo akafunsa kuti bambo akutsika galimotoyo ndani, anthu amatsitsa mawu n'kuyankha kuti ndi uja anaika mayi ake pafoni.