Mantha Amene Ndinawatola ku Bahrain

Ndinatsimikiza zopita ku Bahrain chaka chimene mvula inayamba kudonthera pabedi la bambo kwathu ku Sadzi, ku Zomba. Satifiketi ndinali nayo, koma ntchito kunalibe. Ejenti wina anati hotela ya ku Manama, likulu la dzikolo, ikufuna atsikana ochapa. Bambo anafunafuna dzikolo pamapu mpaka anavala magalasi.

Ndi kachilumba kotentha, kopanda mtsinje. Atandionetsa phiri lawo lalitali ndinaseka, chifukwa kwa ife a ku Zomba chija ndi chulu. Zambiri ankandiuza ndi madala wina, mbadwa ya komweko, amene ankayendetsa galimoto ya hotela. Anati agogo ake ankamira m'nyanja kusaka ngale mafuta asanapezeke, ndipo banja limodzi lachifumu lalamulira zaka zoposa mazana awiri. Banjalo ndi la Asilamu a gulu la Asuni, pomwe iye ndi anthu ambiri a m'midzi ndi a gulu la Ashiya.

Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake makoma a kumudzi kwawo anali ndi zolemba zofufutidwa ndi penti. Anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, n'kukweza wailesi.

"Mwanawe, iwe udzapita kwanu. Ine ndidzatsala."

Ndinamva pambuyo pake kuti mphwake anamangidwa pa zionetsero zotsutsa boma. Kuchokera pamenepo ndinatseka pakamwa. Mauthenga anga opita kumudzi anasanduka a ndalama ndi kutentha basi. Ndinkasungulumwa koopsa, koma ngakhale zimenezo sindinkalemba.

Patatha zaka zitatu ndinabwera kutchuthi, pepala la kontirakiti yatsopano lili m'chikwama. Ndinaperekeza bambo kumsika. Mayi wina wogulitsa mbatata zochokera kuphiri ankanyoza pulezidenti za mtengo wa feteleza, mokuwa, akumutchula dzina. Ndinakoka malaya a bambo, uku ndikucheuka.

"Tiyeni tizipita," ndinanong'ona.

"Ukucheukira ndani?"

Bambo anatula jumbo pansi.

"Macheukidwe amenewo ndikuwadziwa. Ndinakalamba nawo mu ofesi nthawi ya chipani chimodzi. Tinaima pamzere kuvota kuti ana athu asadzawadziwe. Ndiye iwe wakawatola kunja?"

Zinandipweteka, chifukwa zinali zoona. Kufikira tsiku limenelo ndinkaona ngati kwathu kulibe chilichonse chimene Bahrain angasirire.

Pepala lija sindinasaine, ndipo mpaka lero ntchito sindinaipeze. Tsiku limene ndege yanga yobwerera ku Bahrain inanyamuka ndinali pamsika, ndikuthandiza mayi uja kudzudzula boma. Mawu anga ankanjenjemera, koma ankamveka.