Girisi wa Delmer Gattis

"Anakutumani ndani? Ndikufunsa inuyo, akamwini! Anakutumani ndani kupisa dzanja m'giyabokosi yanga?"

Delmer Gattis ankakalipa ali pakhomo pa shedi, m'manja muli dzino lothyoka la giya ya chotchetchera udzu. Mkamwini wake Brantley anaima chapatali, nsapato zake zatauni zitamira m'fumbi. Tonya, mwana mmodzi yekhayo wa Delmer, anakhala pa chidebe chovundikira, maso ali pansi.

"Bambo, buku likuti mumafunika oyilo, osati girisi," anatero Brantley.

"Buku! Bukulo linatchetcha maekala angati? Kaliitaneni, lidzakoke thirakitala!"

Musaganize kuti mdalayu ankalirira chitsulo chabe. Mu Epulo anagwa pamasitepe n'kugona pansi theka la tsiku popanda womudzutsa, ndipo Tonya anafuna kumutengera kwake ku Springdale. Anakangana mpaka khofi kuzizira, kenako anapangana: Delmer akatchetcha yekha busa lonse Ogasiti asanathe, akhalabe pakhomo pake, akalephera, asamuka, malo agulitsidwe. Delmer anavomera akuseka. Tsopano kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi, udzu ukufika m'chiuno, chotchetchera chitafa.

Munthuyu anabadwira m'nyumba yomweyo, kumapiri a Arkansas kuno, zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anacheka matabwa zaka makumi atatu mpaka khutu lakumanja linagontha. Mkazi wake Nadine atamwalira, bondo nalo litayamba kukana, anagulitsa ng'ombe zonse. Anatsala ndi busa la maekala makumi anayi, thirakitala yakale, ndi chotchetchera udzu chokoka kumbuyo kwake. Ng'ombe kunalibe, koma ankatchetchabe kawiri pachaka. Amene akuti imeneyo ndi misala atseke pakamwa, sanaonepo mmene mikungudza ndi minga zimalandira malo. Ukangophonya zaka ziwiri, busa lomwe bambo ako anazulamo zitsa pozikoketsa ndi nyulu lasanduka tchire loti ngakhale galu abwerera.

Giyabokosi ya chotchetcheracho inayamba kudontha kalekale. Chingwe chomangira mitolo ya udzu chinakulungika kunsi, n'kudya kamphira kotsekera oyilo, n'kusiya mzere pachitsulo penipeni. Delmer anasintha kamphirako katatu, katatu konse oyilo anathera m'dothi. Ndiye anachita zomwe amachita aliyense wamutu kuno: anasiya oyilo n'kumapopera girisi wofewa uja wa makina okololera chimanga. Girisi ameneyo bokosi likatentha amasungunuka n'kunyowetsa magiya, likazizira amagwirana, osapeza potulukira. Akaweruka ankamasula chotsekera n'kupopa mpaka kudzaza, kuti ulendo wina adzangokwera n'kumapita. Ali kubusa ankatsika ola lililonse n'kuika chikhatho pabokosi. Likamulola kuwerenga mpaka khumi, ankalavula fodya n'kukweranso. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chinthucho chinayenda motero, ndipo sichinamugoneke panjira n'kamodzi komwe.

Lachisanu lapitalo anapopa monga mwa masiku onse. Loweruka Tonya anamutengera kwa dokotala wa bondo, Brantley n'kutsala pakhomo manja akumuyabwa. Anafufuza buku la makinawo pafoni, anatsegula bokosi, anakokota girisi yense ngati akutsuka mphika, anatsukuluza ndi dizilo, n'kuthira oyilo watsopano. Sanauze munthu. Akuti amafuna apongozi adzadabwe. Adadabwadi! Chotchetcheracho chinali m'udzu wautali, ndiye oyilo anadontha Lamulungu lonse popanda woona dontho. Lolemba Delmer anakwera, ndipo magiya ouma analira kukhutu logontha lija. Ola lisanakwane mipeni ya chotchetchera inaima, bokosi likufuka utsi. Kampani yomwe inkapanga zotchetchera zimenezi inatsekedwa Tonya ali kusukulu.

"Ndimafuna kukuthandizani, bambo," anatero Brantley.

"Mwathandiza, zikomo. Mukadzafuna kuthandizanso mudzayambe mwandiuza, ndidzathawitse agalu."

"Mwina tingabwereke china kwa anzanu."

"Anzanga ati? Hoyt ali kumanda. A Tackett anagulitsa malo awo. Kumtundaku kwadzaza anzanu atauni okhala ndi timakina tometera kapinga, toti tikaona mkungudza tizima tokha."

Anaponya dzino lija m'chitini, linalira ngwe. Kenako anayamba kuwerenga njira, mawu atatsika. Kuli munthu ku Harrison wosunga zitsulo zakufa, mwina ali ndi bokosi lofanana. Likapezeka Lachinayi, n'kulimanga Lachisanu, masiku otsalawo akwana bola mvula isagwe. Ankalankhula akuyang'ana mwana wake, ngati wopempha kuti amuyankhe kuti inde.

"Ababa, lekani," anatero Tonya. "Bondo ilo mwamva zomwe ananena dokotala."

"Dokotala panalibe pomwe timapangana. Tinalipo awiri."

"Chipinda chanu ndi chabwino. Chili pansi, mulibe masitepe. Tinachipenta mtundu uja ankaukonda amayi."

Delmer anatembenuza mutu kuti khutu labwino liloze kwa iye.

"Munachipenta liti?"

Tonya anayang'ana mwamuna wake. Brantley anayang'ana nsapato.

"Ndati munachipenta liti?"

"Mu Meyi."

Mu Meyi! Mwezi umodzi chipanganireni. Miyezi itatu yonse mdala akudzuka ndi bondo lotupa, akunola mipeni, akupopa girisi, akuuza aliyense kusitolo kuti ine pano sindichoka, pomwe utoto unauma kale. Munthu amene sanabepo ngakhale msomali wa mnzake amuchita chonchi ana ake omwe, ndipo wina adzaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti ndi chikondi.

Tonya ananyamuka n'kutulutsa makiyi. "Tiyeni tidzakambe mkwiyo wanu ukatsika, ababa."

Delmer anatsimphina mpaka pageti, analikoka, anakoloweka tcheni, n'kuima kutsogolo kwake.

"Galimoto iyo sikutuluka. Inu akamwini, mwina ndinu wopusa chabe, sindikudziwa, Mulungu ndiye akudziwa. Koma iwe Tonya, ndinakulera ine. Unandigwira dzanja patebulo pa amayi ako ukudziwa kuti n'zabodza. Ndiyang'ane kumaso kuno! Ndikanatchetcha busa lonse mpaka kumpanda, ukanandiuza chiyani? Yankha!"