A Zidina

Achimwene anga atasiya kuwotcha njerwa, anzawo anayamba kuwanyoza kuti a Zidina. Iwo anali atatopa kuona mitengo ikuthera mu uvuni, ndiye anagula makina oumbira njerwa zosawotcha, opanikiza dothi losakaniza ndi simenti pang'ono.

Woyamba kuwapatsa ntchito yomanga nyumba anali mayi wina, mphunzitsi wopuma. Khoma litafika pawindo, mayiyo analikhuthulira ndowa ya madzi.

"Bambo, likasungunuka mumwa phala lake," anatero.

Achimwene anangokhala pa wilibala n'kumaimba mluzu. Khomalo silinayoyoke ngakhale pang'ono.

Pano amanga nyumba zisanu, zozizirira bwino masana, ndipo dzina lija analilemba pachitseko cha galimoto. Dzulo mnzawo amene anayambitsa dzinalo anabwera chipewa chili m'manja.

"A Zidina, kulibe kaganyu?"