Foni M'dengu la Tiyi

Amayi anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka msana utakana. Maso awo, amene ankasiyanitsa nsonga yanthete ndi tsamba lokhwima ali chapatali, anachita ng'ala atangopuma ntchito. Chaka chimene mchemwali wanga wamng'ono anabereka ku Joni, achipatala anatiuza kuti diso limodzi lapita ndipo linalo likutsatira. Amayi sanadandaule. Ankangoti akufuna aone nkhope ya mdzukulu wawoyo kusanawadere.

Zithunzi za pa foni sizinkawathandiza. Ankaiyandikiza mpaka pamphuno, n'kundibwezera, amvekere akungoona mbatata yokulungidwa m'nsalu. Pa laputopu yanga yokonzera mayeso a ana kusukulu zinali chimodzimodzi. Chinatsala ndi tivi ya pabalaza, poti pamenepo nkhope imakula kuposa ya munthu weniweni.

Poyamba ndinagula kachipangizo kobaya kumbuyo kwa tivi. Wogulitsa ku Limbe analumbira kuti kamakoka chithunzi pa laputopu popanda chingwe. Kankakokadi, koma pakamwa pa munthu pankayamba kuyenda, mawu n'kubwera pambuyo ngati mlendo wotsalira basi. Ndinakaponya m'kabati n'kukagula chingwe.

Vuto lenileni linali netiweki. Nyumba za pa esiteti zili m'chigwa, zofolera malata, kuseri kuli mabulugamu, ndiye netiweki imangotidutsa pamwamba. Wofuna kuimba foni amakwera mtunda kukaima pa shedi yoyezera tiyi. Koma tivi sungaisenze kupita nayo ku shedi, ndipo amayi mtundawo anali atausiya kale. Foni yanga ndiyo inkagawira laputopu intaneti, choncho ndinayamba kuyendayenda nayo: pawindo, padenga, pamtengo wa peyala. Ndinazindikira kuti khoma lililonse la pakati limadya mphamvu, komanso kuti nkhungu ya chiperoni ikatsika zonse zimafooka. Pomaliza ndinatenga dengu lakale la amayi lothyolera tiyi, n'kuikamo foni yokulungidwa m'pulasitiki, n'kulikweza pa nsungwi yaitali moyang'anana ndi windo lomwe panali laputopu.

Anthu a m'mizere ya nyumba zathu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ankati aphunzitsi ayamba kutchera akhwangwala. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinkawayankha zosakhala bwino, koma amayi ankandiletsa, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinkandipweteka kumva mwambi umenewu kuchokera kwa munthu amene maso ake sankadikira.

Tinapangana ndi mchemwali wanga kuti tidzaimbirane Lamlungu masana, titaweruka ku tchalitchi. Amayi anavala chitenje chatsopano ndi mpango ngati kukubwera alendo. Cha ku Mulanje kunali kutayamba kuyera, ndipo ndinadziwa kuti nkhungu ili m'njira. Ndinaimba. Chithunzi chinabwera choyera kuposa masiku onse amene ndinkayeserera. Mchemwali wanga ndiye anagwira foni, ndipo mwana anali pamiyendo pa bambo wake. Nkhope ya alamu inadzaza tivi yonse.

Amayi anatembenukira kukhoma n'kukokera mpango kumaso.

Ndinali nditaganizira zingwe, makoma ndi nyengo, koma izi ayi. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira m'tiyi. Alamu atabwera kudzaonekera, amayi anacheza nawo ali m'nyumba, iwo ali pakhonde, chitseko chili pakati. Ndinkaona ngati mtunda wa ku Joni wathetsa zimenezo.

"Amayi, ili ndi galasi chabe," ndinatero. "Tayang'anani, netiweki ithawa."

"Galasi kaya chiyani, amenewo ndi akamwini anga. Akundiona."

Sankanama. Kadiso ka laputopu kanali katawaloza. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinapsera ndani, amayi kapena mwambo kapena nsungwi ija. Mchemwali wanga anayamba kufuna poika foni kuti alandire mwana, chithunzi chikugwedezeka, tikungoona denga ndi makatani. Panja mawawa anali atayamba, ndipo mawu anayamba kuduka.

Alamu sanadikire kuti asinthane. Ananyamula mwanayo m'khwapa, n'kumukweza patsogolo pa nkhope yawo mpaka iwo osaonekanso, n'kumuyandikiza pa foni. Mawu awo anamveka kuseri kwa mwana.

"Alamu, auzeni amayi kuti ine ndachoka."

Ndinawauza, ngakhale anali atamva okha. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kukhwekhwereza mpando mpaka mawondo kugunda kabati ya tivi. Anatseka diso lakufa lija ndi dzanja. Nthawi yomweyo netiweki inathawa, ndipo chithunzi chinaima: mwana ali yasa kukamwa, zala za bambo wake zili m'mbali.

Masabata onse aja chithunzi chikaima ndinkatukwana. Tsiku limeneli ndinachotsa manja pa laputopu, kuopa kuti ndingachidzutse. Amayi anayendetsa chala pagalasi, kuyambira pachipumi, kutsika pamphuno, mpaka pachibwano, akuyankhula ndi mwanayo m'Chilomwe motsitsa mawu. Foni inali kunyowa m'dengu panja, koma sindinadzuke kukaitsitsa.

Pofika nyengo yothyola yotsatira, diso lina lija linali litatseka. Mwanayo pano akuthamanga, ndipo netiweki kwathu inasinthako moti nsungwi ija tinamangira mpanda wa nkhuku. Tikaimba, amayi amangomvetsera. Koma mlendo akafunsa za mdzukulu wa ku Joni, amayankha mosakayika kuti anamuona, ali ndi chipumi cha malemu abambo athu. Akatero amawonjeza kuti akamwini awo ndi munthu waulemu, ngakhale nkhope yawo saidziwa.