Tsamba la pa 24 Okutobala

A Thangavelu anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi pafakitale yathu ya makalendala ku Sivakasi, m'dziko la India, makalendala aja ong'amba tsamba limodzi m'mawa uliwonse. Ine ndinali wodula mapepala. Iwo ankalemba timizere ta m'munsi mwa deti: zimene zinachitika pa tsiku ngati limenelo, maola abwino ndi oipa, ndi kachizindikiro kofiira ngati tsikulo n'loyenera ukwati. Anali munthu wovuta. Ukalakwitsa kadontho, ankakuyang'ana ngati waba mbuzi. Nkhomaliro ankadya okha, mpunga wa chambiko, maso ali pamabuku a openda nyenyezi.

Tsamba la pa 24 Okutobala linali lothina. Pankalowa kubadwa kwa bungwe la United Nations mu 1945, tsiku lolimbana ndi poliyo padziko lonse, ndipo chaka china chikondwerero cha Deepavali chinagweranso pomwepo. Mzere wa poliyo sankalola kuti wina aukhudze, chifukwa mwana wawo yekhayo, Valarmathi, ankakoka mwendo wamanzere chifukwa cha matendawo.

Valarmathi anafika zaka makumi atatu asanakwatiwe. Mabanja ankabwera kudzamuona, kumwa khofi, kusuzumira mwendo, osabwereranso. Kenaka kunapezeka Ilango, wokonza magetsi ku Muscat, m'dziko la Oman, amene anati mwendo si nkhani. Koma tchuthi chake chinkatha pa 25 Okutobala, kubweranso pakapita zaka ziwiri, ndipo holo ya ukwati inapezeka pa 24 pokha. Chaka chimenecho tsambalo linalibe chizindikiro chofiira. Abambo ake aang'ono a Ilango ananenetsa kuti tsiku lopanda chizindikirocho pakalendala, ukwati palibe.

A Thangavelu anandipeza pamakina odulira.

"Achimwene, mundidulire tsamba ili. Limodzi lokha."

Ndinaliyang'ana. Linali la pa 24, atalisindikiza okha. Mzere wa poliyo anauchotsa kuti chizindikiro chofiira chipeze malo.

"Inuyo?" ndinafunsa. "Amene munandinyoza sabata yathunthu chifukwa cha Lachiwiri lopendekeka?"

"Dulani, pakamwa mutseke."

Ndinadula. Anamasula kalendala, n'kulowetsa tsambalo pamalo pa lenileni, n'kukhomanso bwinobwino. Anakaipereka ngati mphatso kwa mayi ake a mnyamata, a Kamatchi, mayi wamasiye wogulitsa maluwa, ngakhale chaka chinali chitapita kale kumapeto. Abambo aang'ono aja anaona chofiiracho, anagwedeza mutu movomereza.

Ukwati unachitika. Ilango anamanga ulusi wachikasu m'khosi mwa Valarmathi, ng'oma zikulira, ife tikuwaza mpunga. M'mawa mwake anakwera ndege, mkazi wake n'kutsala kwa apongozi.

A Thangavelu mtendere unawathawa. Mkamwini akatsokomola pafoni, iwo ankati ndi tsiku lija. Valarmathi akapsa chala kukhitchini, tsiku lija. Anawonda, ndipo kuntchito anayamba kuwerenga tsamba lililonse kasanu. Ndinkawamvera chisoni, komanso kunena zoona ankanditopetsa.

Patapita miyezi isanu anati akukaulula. Ndinawauza kuti mwanayo akhoza kubwezedwa kwawo ndi katundu wake, koma anali atavala kale nsapato. Ndinawaperekeza.

Tinapeza a Kamatchi pakhonde akutunga maluwa pa ulusi. Anamvetsera zonse manja osaima.

"Asewere," anatero a Kamatchi, "mumationa ngati ana? M'nyumba muno munali kale makalendala atatu. Ya wogulitsa mpunga, ya kubanki, ya wosula ndolo. Ndinaona masamba onse a pa 24 tsiku lomwe munabwera ndi yanuyo."

A Thangavelu anakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Ndiye munakhaliranji chete?"

"Chete? Ndinawabisa pansi pa mphasa mpaka alamu anga atabwerera kwawo. Mwana wanga ankamufuna mtsikanayu, inenso ndinkamufuna." Anatembenukira kukhomo. "Valarmathi! Bwera udzatenge bambo akowa. Akulira pakhonde panga, andithawitsira ogula."